Maluwa atsopano okhalitsa: tiwapikule, kapena tikhale ndi akale omwewa?

Mayi a Nazale, Lilongwe:
Moni nonse a pa gulu. Funso langa lipite makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito m'manazale akuluakulu kunjaku. Makasitomala anga, makamaka amene akumanga ku Area 43 ndi Area 47, ayamba chizolowezi chondionetsa zithunzi za pa Facebook n'kumati tipezereni awa. Akufuna maluwa okhalitsa, oti ukabzala kamodzi aziphukiranso okha chaka ndi chaka. Wina wandionetsa agapanthus wa maluwa a pepo woderako kwambiri, pafupifupi kuda. Ine ndili ndi wa buluu ndi woyera uja tonse timamudziwa. Kodi mitundu yatsopanoyi imachokera kuti? Nanga munthu wa nazale yaing'ono angaipeze bwanji kuti aziichulukitsa n'kumapikulitsa kwa anzathu ogulitsa m'mbali mwa msewu?

Achimwene a ku Joni:
Mwaswera bwanji amayi. Ngati ndi wakuda chomwecho, ndiye Black Jack ameneyo. Anapangidwa konkuno ku South Africa ndi a De Wet Plant Breeders, ndipo m'chaka cha 2023 anapambana kukhala chomera chopambana cha chaka pa chionetsero cha maluwa cha Chelsea ku London. N'chifukwa chake zithunzi zake zili mbwee pa intaneti. Kampani yomweyo ndi imene inatulutsanso Twister, uja wa maluwa oyera kumapeto koma a buluu kutsinde.

Koma pa mawu anu oti "kuchulukitsa" mpamene pagona nkhani. Zomera zimenezi zili ndi eni ake. Mukaona lebulo yalembedwa PBR, ndiye kuti mtunduwo unalembetsedwa ku boma, ndipo palibe wololedwa kuuchulukitsa n'kumagulitsa popanda chilolezo cha amene anaupanga. Kuno kwathu bwana amagula timbande kwa amene ali ndi layisensi, ndipo pa kambande kalikonse pamakhala kandalama kopita kwa mwini mtundu. Ife antchito timachita kuuzidwa kuti ngakhale kanthambi kamene kathyoka kokha kasalowe m'chubu.

Bambo a ku Mangochi:
Kkkk duwa kukhala ndi mwini wake? Ndiye ndikagula mbuzi kwa inu, ana ake akhalabe anu?

Achemwali a ku UK:
Bambo, mbuziyo mukhoza kuiweta, kuidya, ngakhale kupatsa apongozi. Chimene chikuletsedwa ndi kuyamba bizinesi yogulitsa ana ake. Mukagula Black Jack n'kumubzala pakhomo panu, chitsa chikakula n'kuchigawa kuti mudzaze bwalo lanu, palibe akukulondolani. Vuto limayamba mukaika m'machubu n'kulemba mtengo.

Ndikufotokozereni chifukwa chake, poti inenso ndimagwira pa nazale yopikulitsa kuno. Agapanthus wochokera ku njere amatenga zaka zitatu kapena zinayi asanaonetse duwa loyamba. Ndiye munthu wopanga mtundu amatenga mungu pa chomera china kuika pa china, kufesa njere zambirimbiri, kudikira zaka zonsezo, kenaka n'kupeza kuti pafupifupi zonse n'zosasiyana ndi zakale. Amasankhapo ziwiri zitatu, n'kuyambiranso. Akamafika pa mtundu woti n'kuutulutsa, zaka zadutsa khumi kapena kuposa. Kuti boma limupatse umwini, akuyenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti mtunduwo ndi wosiyana ndi ina yonse yodziwika, kuti mbande zake zimafanana zonse, ndiponso kuti sukusintha ukamachulukitsidwa. Umwiniwo si wamuyaya. Pa mgwirizano wa maiko woteteza opanga mitundu ya zomera, wotchedwa UPOV, wa 1991 ndi zaka zosachepera 20, mitengo ndi mpesa zaka 25. Kuno ku UK maluwa ngati awa ndi zaka 25. Zikatha, aliyense ndi mfulu.

Bambo a ku Mangochi:
Chabwino achemwali, ndamva. Koma agapanthusyo kwawo ndi ku Africa konkuno. Anamupeza m'tchire mwaulere. Lero tizilipira?

Achimwene a ku Joni:
Wa m'tchireyo palibe akukulipiritsani, bambo. Amene ali kwa amayiwa, wa buluu ndi woyera, ndi wa tonse. Mukulipira ntchito imene munthu anagwira kuti atuluke wamfupi, wamaluwa ambiri, wobwereza kuchita maluwa. Koma mfundo yanu sindikuitaya ayi. Gerbera, pelargonium, osteospermum, zonsezi kwawo ndi kum'mwera kwa Africa kuno, koma ndalama zake zambiri zinapangidwira ku Holland ndi ku Germany. Kwa ine chosangalatsa pa Black Jack ndi chakuti ulendo uno wopanga ndi wa konkuno.

Mnyamata wa ku Bunda:
Ndiloleni ndiponyepo akuluakulu. Umwini umenewu umagwira ntchito m'dziko limene walembetsedwa basi. Chiphaso cha ku South Africa sichimadutsa Beitbridge. Kwathu kuno tili ndi lamulo lathu loteteza opanga mitundu ya mbewu la 2018, ndipo kuti mtundu utetezedwe kuno uyenera kulembetsedwa kuno. Komanso pali malire a nthawi: pa malamulo a UPOV, ngati mtundu wagulitsidwa kunja kwa zaka zoposa zinayi, sungalembetsedwenso ngati watsopano m'dziko lina. Pa mitengo ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye si lebulo iliyonse ya PBR imene ili ndi mano ku Malawi.

Bambo a ku Mangochi:
Ehee! Ndiye mwana wa sukulu watimasula. Achimwene a ku Joni, tiikireni zitsa ziwiri m'chikwama pobwera pa Khirisimasi.

Agogo a ku Zomba:
Ana inu, apa pokha ndikana. Ndagwira ntchito ya ulangizi mpaka kupuma, ndipo chimene ndimaopa ine si loya wa ku Pretoria ayi, ndi dothi ndi tizilombo timene timabwera ndi chitsacho.

Amene muli ndi zaka ngati zanga mukukumbukira nthochi za ku Thyolo ndi Mulanje. Malole ankachita kudzaza kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chisaka, matenda aja a nthochi, chitalowa m'zaka za m'ma 1990, chinayenda bwanji? Nsabwe za m'masamba zinathandiza, inde, koma mtunda wautali chinayenda ndi anthu, aliyense atanyamula mphukira yoti akabzale kwawo, poti ya kwa mnzake inkaoneka yabwino. Mapeto ake tinayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo alimi anauzidwa kuzula minda yonse n'kuyambiranso ndi mbande zoyera za mu labotale. Namasupuni amene amavutitsa pa mtsinje wa Shire mpaka kusokoneza magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Lantana amene watseka madambo ndi m'mbali mwa misewu nayenso anayenda ngati duwa la pa mpanda.

Chomera chilichonse cholowa m'dziko chimafuna chilolezo chochokera ku unduna wa zaulimi kuno, komanso chiphaso cha kumene chikuchokera chotsimikiza kuti anachiyeza ndipo chilibe matenda. Pitani ku Chitedze kapena ku Bvumbwe mukafunse musanatumize ndalama kulikonse. Za m'chikwamazo zisiyeni.

Achimwene a ku Joni:
Agogo akunena zoona. Kuno tili ndi kachilombo koboola mitengo kamene anakapeza ku Pietermaritzburg mu 2017, ndipo kawononga mitengo yambiri ya m'misewu ya Johannesburg. N'kochepa kwambiri, ukhoza kunyamula mtengo uli nako osadziwa. Ine chikwama changa chibwera ndi zovala za ana basi, bambo a ku Mangochi mundikhululukire.

Achemwali a ku UK:
Ku Italy nakonso, matenda a Xylella anapezeka ku Puglia mu 2013 ndipo apha mitengo ya olive mamiliyoni. Akatswiri amaloza zomera za khofi zokongoletsera zimene zinachokera ku Central America. Kuyambira pamenepo mapepala a zomera kuno anakhwima kwambiri.

Mayi a Nazale, Lilongwe:
Zikomo agogo, za chikwama tazitaya. Koma tiyerekeze ndatsata njira yonse, mapepala ndili nawo. Amagulitsa bwanji? Ndimagula chomera chachikulu chimodzi n'kumagawa?

Achemwali a ku UK:
Ayi amayi, malonda opikulitsa sayenda choncho, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetse bwino musanaike ndalama.

Pali magulu atatu kapena anayi a anthu. Woyamba ndi wopanga mtundu. Wachiwiri ndi wochulukitsa, amene nthawi zambiri ndi labotale: amadula kachidutswa kakang'ono pa nsonga yophukira, kukaika m'botolo muli chakudya chonga phala loonekera mkati, ndipo kamabereka timphukira tambirimbiri tofanana ndendende ndi mayi wake. Kapena ndi famu yodula tinthambi, ndipo mafamu ambiri otere ali ku Kenya, Ethiopia ndi Uganda. Makampani ngati Dümmen Orange, Selecta One ndi Syngenta amadula kumeneko tinthambi topanda mizu n'kutikweza ndege kubwera ku Ulaya. Wachitatu amameretsa mizu m'mathireyi a timabowo 72 kapena kuposa. Wachinayi ndife, timagula mathireyiwo, kuwokera m'miphika, kulera miyezi ingapo, n'kupikulitsa ku masitolo a maluwa. Palibe amene amagulitsa kamodzi kamodzi. Umaitanitsa mathireyi athunthu, ndipo umaitanitsa miyezi yambiri nthawi isanakwane.

Chitsanzo chabwino ndi Geranium Rozanne. Anapezeka m'munda wa banja lina lopuma ntchito, a Donald ndi a Rozanne Waterer, ku Somerset mu 1989. Sabereka njere, n'chifukwa chake amangochita maluwa osalekeza kuyambira June mpaka chisanu chitayamba. Koma kusabereka njereko kunatanthauza kuti kumuchulukitsa kunali kovuta mpaka labotale italowererapo, ndipo a Blooms of Bressingham anadzamutulutsa pa Chelsea m'chaka cha 2000. Taonani kutalika kwake, kuchoka 1989. Mu 2013 anasankhidwa kukhala chomera chopambana pa zaka 100 za chionetserocho. Ndipo panali mkangano: ku Holland kunatuluka wina dzina lake Jolly Bee, wofanana naye kwambiri. Atayeza DNA anapeza kuti palibe kusiyana kwenikweni, Jolly Bee n'kuchotsedwa pa msika. Ndiye bambo a ku Mangochi, musaganize kuti kungosintha dzina kumathandiza.

Bambo a ku Mangochi:
Ine DNA ku Makawa andiyeza ndani kkkk. Koma pitirizani, tikuphunzira.

Mnyamata wa ku Bunda:
Funso langa kwa achemwali: Rozanne ameneyo angachite bwino kuno?

Achemwali a ku UK:
Mwina pa phiri la Zomba kapena ku Dedza. Ku Lilongwe mu Okutobala ndikukayika kwambiri. Ku Nchalo musayese n'komwe.

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa la PBR. Mawu oti "chokhalitsa" pa kabuku ka kampani ya ku Holland kapena ku America amatanthauza kuti chomeracho chimapirira chisanu choundana madzi, chimafota pamwamba, kugona pansi pa dothi, n'kudzukanso kukafunda. Zambiri zimachita kufuna kuzizirako kuti zidzachite maluwa. Hosta ndi peony zili choncho. Heuchera, amene a Terra Nova Nurseries ku Oregon atulutsa mitundu yake yambirimbiri ya masamba ofiira, achikasu ndi a pepo, amadana ndi dzuwa loswa mtengo. Kwathu mayeso a chomera ndi ena: miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda mvula, kenaka mvula ya Januwale yoti mizu imakhala m'madzi, kuonjezapo chiswe. Palibe amene anaziyesa pa zimenezo.

Ngakhale kwawo komweko si zonse zatsopano zimene zimakhalitsa. Echinacea atayamba kutuluka a olenji, ofiira ndi a maluwa othithikana, anthu anagula ndi chimwemwe, koma ambiri ankafa patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri. A Mt. Cuba Center, malo oyesera zomera ku Delaware, America, anayesa mitundu yambiri kuyambira 2018 mpaka 2020, ndipo anapezanso kuti a maluwa othithikanawo njuchi ndi agulugufe siziwayendera kwenikweni. Chaka chilichonse mu Januwale ku Essen, Germany, kumakhala chionetsero chachikulu cha amalonda a zomera, mitundu yatsopano imadzaza maholo. Pakapita zaka zisanu yambiri simuimvanso. Bizinesiyi imafuna chatsopano chaka ndi chaka chifukwa chatsopano ndi chimene chimakwera mtengo, osati chifukwa chakale chinalakwa.

Agogo a ku Zomba:
Mwana wanga wayankhula. Ine pakhomo pano canna, daylily ndi agapanthus wa buluu ndinazipeza zitabzalidwa kale ndi amene ankakhala m'nyumba muno, ndipo mpaka lero sizinandipemphepo feteleza.

Achimwene a ku Joni:
Komabe agogo tisawafooketse amayiwa. Si zonse zatsopano zimene ndi za ku chisanu. Zopangidwa kuno ku South Africa zambiri zingachite bwino kwathu, chifukwa nyengo ya ku Gauteng ndi yofananako ndi ya ku Lilongwe: mvula nthawi yotentha, chilimwe chouma. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kumazizira kwambiri mu June ndi July. Ndikanakhala ine ndikanayang'ana zitatu. Agapanthus amfupi obwereza maluwa. Ma aloe osakaniza, amene amachita maluwa nthawi yozizira pamene bwalo lonse lili mbuu, ndipo safuna madzi ambiri, chinthu chofunika kwa munthu amene amalipira bilu ya Water Board. Ndi Plectranthus Mona Lavender, amene anapangidwa ku Kirstenbosch ku Cape Town kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyo amakonda mthunzi, pansi pa mtengo kapena pakhonde, masamba ake kunsi ndi a pepo, ndipo kanthambi kake kamagwira msanga.

Za PBR, mnyamata wa ku Bunda wanena zoona pa lamulo, koma pali china chimene sukulu siinakuuzeni. Amene angakugulitseni mathireyi amakusayinitsani pepala loti simudzachulukitsa. Mukaphwanya, sakutengerani ku khoti ku Lilongwe, amangotseka chitseko, ndipo anthu a bizinesi imeneyi amadziwana onse. Chaka chamawa mukafuna mtundu wina palibe akuyankhani imelo. Pamene mukawalembera mwaulemu kuti ndili ku Malawi, ndikufuna kuyesa mitundu yanu, ena amasangalala chifukwa ndi msika umene alibe.

Mnyamata wa ku Bunda:
Ndavomera akulu. Kungoti zimandiwawa kuti ife timangokhala ogula. Pa Nyika pali ma orchid a mitundu yoposa 200, ku Mulanje kuli zomera zosapezeka kwina kulikonse pa dziko. Streptocarpus, gladiolus wa m'tchire, aloe, zonse tili nazo. Bwanji osapanga mitundu yathu?

Agogo a ku Zomba:
Pangani, ndinu achinyamata. Koma muyambe ndi chilolezo cha a zankhalango ndi a National Herbarium kuno ku Zomba, osati kukazula ku phiri. Ma orchid a m'dothi akutha kale chifukwa cha chikande. Ndipo mukonzeke kudikira zaka khumi musanaone tambala.

Bambo a ku Mangochi:
Tibwerere ku ndalama, poti ine ndimakongoletsa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ndipo ndimagula kwa anthu ngati amayiwa. Amayi, werengerani bwino. Mathireyi mulipira ndi ndalama yakunja, imene kuipeza ku banki panopa mukudziwa mmene zilili, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023. Onjezani ndege, mapepala, msonkho, shedi neti, ndi timbande tofa pa njira. Pofika m'chubu, duwa limodzi likhala pa mtengo woti mnyamata wogulitsa m'mbali mwa msewu sangalipikule. Ndipo tsiku limene mwagulitsa khumi oyamba, dziwani kuti pakutha pa zaka ziwiri zitsa zagawidwa, aliyense ali naye, mtengo wagwa. Kuno agapanthus amagawidwa ndi khasu, safuna labotale.

Achemwali a ku UK:
Apa bambo mwalasa. N'chifukwa chake ndikuona kuti ogula oyamba asakhale a m'mbali mwa msewu. Akhale anthu ngati inuyo, mahotela, maofesi a akazembe, ndi eni nyumba amene abwera okha ndi chithunzi. Amenewo amalipira kuti akhale oyamba. Ndipo amafuna zofanana: akati mzere wa maluwa 200 kutsogolo kwa hotela, onse atalike mofanana ndi kuchita maluwa nthawi imodzi. Za njere sizingatero, zina zimatuluka zazitali, zina zotuwa. Pamenepo ndi pamene mtundu wa dzina umaposa wamba.

Mayi a Nazale, Lilongwe:
Ndiye ngati ndamva bwino, ndisathamangire Black Jack chifukwa cha chithunzi. Ndiyambe ndafunsa ku Chitedze za chilolezo, ndilembere nazale za ku South Africa zimene zili ndi layisensi, nditenge mitundu yochepa, ndiibzale pansi pano ione Okutobala ndi Januwale ndisanalonjeze kasitomala aliyense. Achimwene a ku Joni, ndikulemberani ku inbox mundithandize mayina a nazale zimene zimatumiza kunja.

Achimwene a ku Joni:
Lemberani amayi, ndiyankha ndikaweruka. Mukawalembera muwauze kuti mukufuna zopanda dothi, zotsukidwa mizu kapena za m'botolo, chifukwa dothi ndi limene limakanidwa pa chipata. Ndipo zikafika musaziike padzuwa tsiku lomwelo. Za mu labotale zimakhala zanthete, zimafuna mthunzi ndi chinyezi masabata angapo kuti zizolowere.

Agogo a ku Zomba:
Muziike padera, kutali ndi mbande zanu zina, mpaka mutatsimikiza kuti zilibe kanthu. Ndipo zina mukabzale kwa mnzanu wa ku Salima kapena kwa bambo a ku Mangochiwa, tione ngati zingapirire kutentha kwa kunyanja.

Bambo a ku Mangochi:
Bweretsani, malo alipo. Koma zikadyedwa ndi chiswe musandilipiritse. Nanga pa nkhani ya chisweyo, alipo amene anayesapo phulusa kapena masamba a nimu m'machubu n'kuona kusintha? Ine mankhwala a m'sitolo andikwana mtengo.

Admin:
Za chiswe tsegulani mutu wina bambo, zingasokonezeke ndi izi. Ndipo amene mwayamba kuponya mitengo ya mbande pansi apa, tsiku la malonda pa gulu lino ndi Lachisanu.